Kumayadi a ku England, kumene kalata imagwira ntchito ya mnansi

Chibwerereni kuchokera ku England, kumene ndinakakhala miyezi isanu kwa mwana wanga wamkazi amene ndi namwino, sindinadutsepo pa Saturday Market kuno ku Chipata osaimitsidwa. Wina ali ndi mwana amene wakhoza mayeso a Chingerezi ndipo akudikira viza, wina mlongo wake ananyamuka mwezi watha, wina mkazi wake ali kale kumeneko ndipo iye akukonzekera kutsatira ndi ana. Mafunso awo amakhala awiri nthawi zonse, kuti kumazizira motani ndi kuti amalandira zingati. Ndimayankha monga ndingathere. Koma chimene ndinaona chikufooketsa anthu athu m'miyezi yoyamba palibe amandifunsa, ndipo ndicho kakhalidwe ka m'madera amene amakafikira, kumene dzuwa lingatuluke mpaka kulowa popanda munthu kunena "odi" pakhomo la mnzake.

Tikamva kuti wakutiwakuti ali ku London timaona m'maganizo nyumba zazitali ndi chipiringu cha anthu. Anamwino ndi osamalira okalamba ambiri sakhala pakati pa mzinda, chifukwa lendi ya kumeneko sangaikwanitse. Amakapeza nyumba kunja kwa Leeds, Manchester kapena Birmingham, kapena m'matauni monga Luton, Stevenage ndi Milton Keynes. Madera ambiri a kunja kwa mizinda ikuluikulu anamangidwa mwadala kuti munthu azigwira ntchito kwina ndi kukagona kwina. Njanji ndi zimene zinayambitsa, chifukwa sitima zitafika kunja kwa London anthu anayamba kuthawa utsi ndi kuthinana kwa mumzinda. Pakati pa 1919 ndi 1939 ku Britain kunamangidwa nyumba pafupifupi 4 miliyoni, zambiri mwa izo zophatikizana ziwiriziwiri, khoma limodzi pakati, kabwalo kutsogolo ndi kamunda kuseri. Nkhondo yachiwiri itatha, lamulo la mu 1946 linatsegula njira yomanga matauni atsopano, ndipo Stevenage ndiyo inali yoyamba. Milton Keynes inabwera mu 1967.

Maganizo amenewa sitingati ndi achilendo kwa ife. Lusaka, amene anakhala likulu mu 1935, anajambulidwa ndi anthu a maganizo omwewo, a nyumba zotalikirana zozunguliridwa ndi mitengo. Kuno kwathu, tauni ya Chipata ikadali kutchedwa Fort Jameson, azungu anali ndi mayadi awo, amwenye dera lawo, ife m'makomboni. Ndiye munthu wa ku Kalongwezi kapena ku Moth angaganize kuti moyo wa kumayadi akuudziwa kale. Akuudziwa mbali imodzi yokha. Nyumba ya kumayadi kuno, ngakhale ili ndi mpanda wa njerwa, mkati mwake muli anthu. Muli mtsikana wantchito, wosamalira maluwa, mphwake wa bambo amene akuphunzira sekondale, agogo amene abwera kuchipatala kuchokera ku Chadiza. Pageti pamagogoda wogulitsa tomato ndi wa makala. Ku England malipiro a wantchito amayikidwa ndi lamulo ndipo ndi okwera, moti banja wamba silingalembe munthu, ndipo achibale sangangobwera chifukwa aliyense amafuna viza yake. Mumatsala inu, mkazi kapena mwamuna wanu, ana, ndi chitseko chotseka.

Tsono ntchito zonse zimene kuno amagwira anansi, kumeneko zinagawidwa ku maofesi, ndipo maofesiwo amalankhula ndi munthu kudzera m'kalata. Pachitseko chilichonse pali kabowo kokhala ndi chivundikiro kolowetsera makalata. Ku Kapata kapena ku Mchini, madzi akati atsekedwa mawa, mumamva kwa mayi wa nyumba yoyandikana musanamalize kusesa pabwalo. Ku England palibe adzabwere kudzakuuzani kuti mwaiwala kulipira chakuti. Idzabwera envulopu, kenako ina, kenako ina ya mawu ofiira, ndipo yotsatirayo ingakhale ya kukhoti. Ndinapeza kwa mnyamata wina wa kwathu kuno mulu wa makalata osatsegula pamwamba pa fuliji. Ankabwera wotopa kuchokera ku ntchito ya usiku, ankaganiza kuti ndi zotsatsa malonda. Pakati pa muluwo panali kalata ya msonkho wa khonsolo imene inali itadutsa kale masiku ake.

Msonkho umenewu, umene amautcha council tax, ndi umene umadzidzimutsa ambiri, chifukwa kuno misonkho ya nyumba amalipira ndi mwini nyumba. Kumeneko kawirikawiri amalipira ndi wokhalamo, ngakhale ali pa lendi. Unayamba mu 1993, ndipo ku England nyumba zinaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mtengo wake wa mu 1991. Ndalama zake ndi zimene zimathandiza pa kutola zinyalala, apolisi, ozimitsa moto ndi zina za m'deralo. Nthawi zambiri amaugawa m'miyezi khumi, kuyambira Epulo mpaka Januwale. Munthu akalowa m'nyumba ayenera kudziwitsa khonsolo yekha, osadikira kuti imupeze. Ngati wamkulu m'nyumbamo ali mmodzi yekha, amamuchotsera gawo limodzi mwa magawo anayi, koma pokhapokha atapempha. Choopsa chake ndi ichi: ukaphonya mwezi umodzi n'kunyalanyaza kalata yokukumbutsa, ungataye mwayi wolipira pang'onopang'ono, n'kuuzidwa kuti ulipire za chaka chonse nthawi imodzi. Palinso laisensi ya wailesi ya kanema, imene imafunika kwa aliyense woonera mapulogalamu pa nthawi imene akuulutsidwa, ngakhale pa foni, kapena woonera mapulogalamu a BBC pa intaneti kudzera pa BBC iPlayer. Chindapusa chake chimatha kufika mapaundi 1,000.

Za lendi malamulo a ku England amateteza wobwereka kuposa momwe anthu athu amaganizira, ndipo ena amadyeredwa masuku pamutu chifukwa chosadziwa. Kuyambira mu 2019, dipoziti ya nyumba wamba siyenera kupitirira lendi ya masabata asanu, ndipo mwini nyumba ayenera kukaisungitsa ku bungwe lovomerezedwa ndi boma pasanathe masiku 30. Tsiku lolowa, jambulani ndi foni chipinda chilichonse, thimbiri lililonse la pakapeti, mng'alu uliwonse wa pakhoma, chifukwa potuluka zithunzizo ndi zimene zidzakhale mboni yanu. Musatumize ndalama za nyumba imene simunaione, inu kapena munthu amene mumamukhulupirira. Mwini nyumba akakupemphani kuti muonetse umboni wa viza musakhumudwe, lamulo limamukakamiza kutero kwa aliyense.

Mabini ndi nkhani imene ndinkaiona ngati yaing'ono mpaka nditaona mmene imadanitsira anthu. Nyumba iliyonse ili ndi mabini awiri kapena atatu a mitundu yosiyana, lina la zinyalala wamba, lina la mapepala, zitini ndi mabotolo, lina la udzu ndi masamba. Khonsolo iliyonse ili ndi mitundu yake ndi masiku ake, ndipo m'madera ambiri amasinthanitsa, sabata ino bini ili, sabata yamawa linalo. Ukasakaniza, otola angalisiye osakhuthula, ndipo ukhala nalo lodzaza masabata ena awiri. Dzenje la kuseri kwa nyumba kulibe, ndipo ukatentha zinyalala utsi n'kulowa kwa anzako, khonsolo imva. Njira yosavuta ndiyo kuyang'ana madzulo kuti anansi atulutsa bini la mtundu wanji. Phokoso nalonso lili ndi nthawi yake, kuyambira 11 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa lamulo limaona ngati nthawi yogona. Kumbukirani khoma limodzi lija. Pemphero la usiku wonse kapena phwando la tsiku lobadwa limene kuno anansi angabwere kudzavina nawo, kumeneko limamveka kuchipinda cha mnzako ngati lili momwemo. Ndipo mnansi wa ku England nthawi zambiri sabwera kudzakudandaulirani pamaso. Amalemba kakalata, kapena amaimbira khonsolo.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa kumva. Sabata yoyamba ndinkakhala pawindo n'kumaona anthu akutuluka m'nyumba, kulowa m'galimoto, madzulo kubwera, kukweza dzanja pang'ono n'kutseka chitseko. Mtima unkandiwawa, ndinkati anthu awa sakutifuna. Kwathu munthu wodutsa osafunsa "mwauka bwanji, kunyumba kuli bwanji, ana ali bwanji" timati ndi wamwano kapena ali ndi chifukwa. Patapita nthawi ndinaona zina. Mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana ankalandira katundu wa mwana wanga akakhala ku ntchito, ankabweza bini lathu pamalo pake otola akadutsa, ndipo mu Disembala analowetsa khadi la Khirisimasi pakabowo kaja atalemba mayina a adzukulu anga onse molondola. Kwa iwo ulemu ndi kusasokoneza mnzako. Amadikira kuti mlendo asonyeze yekha kuti akufuna kudziwana, ndipo mlendo wochokera kwathu amadikira kuti eni mudzi abwere kudzamulonjera monga mwa mwambo wathu. Onse awiri akhoza kudikirirana zaka zisanu.

Choncho amene wabwerayo ndiye ayambe. M'masiku oyamba gogodani kwa anansi a kumanja ndi kumanzere, nenani dzina lanu, kumene mwachokera ndi ntchito imene mumagwira, ndipo ngati mumagwira usiku muwauze kuti asadabwe akamva chitseko m'bandakucha. Mphindi ziwiri zakwana, musayembekezere kukupatsani mpando. Sindikunena kuti tsankho kulibe. Lilipo, ndipo m'chilimwe cha 2024 kunachitika zipolowe m'matauni angapo a ku England zimene zinalunjika pa anthu obwera. Wotukwanidwa kapena kuopsezedwa chifukwa cha khungu lake ali ndi ufulu wokanena kupolisi pa nambala 101, kapena 999 ngati moyo uli pangozi. Koma kukhala chete kwa msewu si umboni wa chidani, ndipo amene wasokoneza ziwirizi amadzitsekera m'nyumba pachabe.

Nkhani ya ana ndi imene ndimapempha makolo kuti aimvetsetse asanakwere ndege. Kuno timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo timachitadi zimenezo. Mayi amapita ku Down Shops kapena kumaliro n'kungofuula kuti "amake uje, mundionereko ana," basi. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amabereka mng'ono wake, kumuphikira phala, ndipo palibe amaona chachilendo chifukwa akuluakulu ali ponseponse. Kumayadi a ku England akuluakulu amenewo kulibe. Lamulo silitchula zaka zenizeni zosiyira mwana yekha, koma kumusiya m'njira yomuika pangozi ndi mlandu, ndipo bungwe loteteza ana la NSPCC limalangiza kuti ana osakwana zaka 12 kawirikawiri sayenera kusiyidwa okha nthawi yaitali. Namwino amene wapita ku ntchito ya usiku atasiya ana atatu m'manja mwa wamkulu wa zaka khumi angapeze a zosamalira ana atafika pakhomo. Aphunzitsi, madokotala ndi anamwino anzake omwe ali ndi udindo wonena akaona chokayikitsa.

Chimodzimodzi ndi chikwapu. Ku Scotland kumenya mwana kunaletsedwa kotheratu mu 2020, ku Wales mu 2022. Ku England lamulo likadali ndi kampata kakang'ono, koma chilango chosiya chipsera kapena chotupa sichilowa m'kampatako, ndipo mwana akanena kusukulu kuti anamenyedwa ndi lamba, nkhaniyo sithera kwa mphunzitsi. Ine ndinaphunzitsa zaka zambiri m'nthawi imene ndodo inali pa tebulo la mphunzitsi aliyense, ndipo ndikunena mosabisa kuti kholo lopita uko liyenera kuphunzira njira zina zolangira mwana lisananyamuke. Amene amati "sadzandiuza kaleredwe ka mwana wanga" amadzalira ali kale m'manja mwa maofesi, ndipo viza yawo imakhala ili pangozi limodzi ndi banja.

Sukulu za boma ndi zaulere, chaka chimayamba mu Seputembala osati mu Januwale ngati kuno, ndipo mwana amayenera kukhala pasukulu kuyambira zaka zisanu. Sukulu zambiri zimayamba kutenga ana okhala pafupi, n'chifukwa chake kusankha nyumba kumakhalanso kusankha sukulu. Funsani za sukulu musanasaine za lendi. Kujombetsa mwana popanda chilolezo kuli ndi chindapusa, chimene kuyambira mu Ogasiti 2024 ku England ndi mapaundi 80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo chimawirikiza kawiri mukachedwa kulipira. Amene akufuna kubwera ndi ana kudzaona Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale adziwe kuti nthawi imeneyo sukulu zimakhala zili mkati. Kulamba ya ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti ndiyo imagwera m'tchuthi chachitali. Pageti la sukulu, nthawi yokasiya ndi kukatenga ana, ndi pamene ndinaona makolo akudziwana mosavuta kuposa pena paliponse. Ndi ngati pachitsime pathu.

Mtunda nawo ndi vuto. Kuno ukatuluka pakhomo umapeza wa njinga wokunyamula, kantemba ka mchere ndi mafuta kali pakona. Madera aja anamangidwira galimoto, sitolo yaikulu ingakhale patali, mabasi amachepa madzulo ndi Lamlungu, pomwe ntchito za m'chipatala zimayamba ena akadali m'tulo. Amayendetsa kumanzere ngati ife, zimenezo n'zothandiza. Laisensi ya ku Zambia imagwira ntchito miyezi 12 kuchokera pamene munthu wayamba kukhala kumeneko, ndipo siisinthidwa mwachindunji ngati ya ku South Africa kapena ku Zimbabwe. Umayenera kukhoza mayeso awo, olemba ndi a pamsewu, ndipo mzere wodikira mayeso ndi wautali, choncho kulembetsa kuyambe miyezi yoyambirira. Kuyendetsa popanda inshuwalansi ndi mlandu waukulu, galimoto yopitirira zaka zitatu imayezedwa chaka chilichonse, ndipo mwana amakhala pampando wake wapadera mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135.

Za chisanu anthu amakonzekera majekete, n'kuiwala mdima. Kuno usana ndi usiku zimasiyana pang'ono chaka chonse. Ku London pa 21 Disembala usana sukwana maola asanu ndi atatu, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Wogwira ntchito ya maola khumi ndi awiri amachoka kuli mdima, kubwera kuli mdima, masiku ambiri motsatizana, ndipo mtima umalemera popanda chifukwa chooneka. Ichi si ufiti kapena kufooka kwa chikhulupiriro, ndi chinthu chodziwika chimene dokotala angathandize. A NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma kumeneko, amalangiza kumwa vitamini D, mamaikilogalamu 10 pa tsiku m'miyezi yozizira, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse.

M'nyumba muli msampha wina. Gasi ndi magetsi zotenthetsera nyumba zimadya ndalama zambiri, ndiye anthu athu amazimitsa mahita, kutseka mawindo onse, n'kuyanika zovala mkati. Chinyezi chimakhala pamakoma ndipo pamamera chuku chakuda. Mu 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale chifukwa chopuma mpweya wa m'nyumba ya chuku, ndipo imfa yake inachititsa kuti malamulo a nyumba asinthidwe. Tsegulani windo pang'ono pophika ndi posamba, ndipo chuku chikaoneka mulembereni mwini nyumba, osangomuimbira foni, kuti pakhale umboni. Chimene ndikuchonderera koposa ndi ichi: musalowetse mbaula kapena chowotchera nyama cha makala m'nyumba. Ngakhale kuno mu Juni timamva za mabanja amene sanadzuke chifukwa cha mbaula, pomwe nyumba zathu zili ndi mipata yolowera mphepo. Za kumeneko ndi zotsekeka ngati botolo, ndipo mpweya woipa wa makala sununkha.

Chipatala sichiyendera mzere wa m'mawa ngati kuno. Munthu amalembetsa kwa dokotala wa m'dera lake amene amamutcha GP, kwaulere, ndipo ayenera kutero akadali bwino, osadikira kudwala. Kuti uonane naye umapangana tsiku ndi nthawi, ndipo ndiye amakutumiza kwa madokotala akuluakulu. Zikavuta usiku koma osati zoopsa pali nambala 111. Mankhwala ngati amoxicillin sagulidwa popanda kalata ya dokotala. Chimodzi chimene ambiri sadziwa n'chakuti thupi limataya mphamvu yolimbana ndi malungo ukakhala nthawi kunja. Wobwera kudzacheza ku Mambwe kapena ku Lundazi amwe mankhwala oteteza ngati mlendo wina aliyense, ndipo akatentha thupi atabwerera, auze dokotala msanga kuti anali ku Zambia.

Pansi pa zonsezi pali viza, imene imagwira moyo wonse wa banja ngati mzati. Viza ya ogwira ntchito za umoyo inayamba mu 2020, ndipo imamangika kwa bwana amene anakuitana. Ntchito ikatha kapena bwanayo akalandidwa chilolezo, munthu amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze wina. Pa vizayo palembedwa kuti sungalandire thandizo la ndalama za boma limene eni dziko amalandira. Malamulo ake akhala akusintha msangamsanga. Mu Febuluwale 2022 anatsegulira osamalira okalamba, mu Malichi 2024 anawaletsa kutenga mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 anatseka kulemba anthu atsopano a ntchito imeneyi kuchokera kunja. Choncho munthu amene lero akukuuzani pa WhatsApp kuti mugulitse puloti kapena ng'ombe kuti akupezereni ntchito yosamalira okalamba ku England, akufuna kukuberani. Za anamwino njira ikadalipo kudzera ku bungwe lawo la NMC, ndi mayeso a Chingerezi ndi a ntchito, koma Zambia inaikidwa mu 2023 pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa ogwira ntchito za umoyo, kutanthauza kuti mabungwe a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno. Munthu amafunsira yekha. Malamulo atsopano amapezeka pa tsamba la boma lawo la gov.uk, ndipo safunsa anadya phula.

Viza yomweyo imatembenuza zinthu m'nyumba. M'mabanja ambiri mkazi ndiye mwini viza, mwamuna amabwera pa dzina la mkazi. Bambo amene kuno anali mphunzitsi kapena wa ku banki amayamba ntchito yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu, kapena amakhala ndi ana mkazi ali ku ntchito ya usiku. Achewa tingazimve msanga chifukwa chikamwini timachidziwa, mwamuna kutsatira mkazi kwawo n'kukalima munda wa apongozi. Koma mkamwini wa kumudzi ali ndi ankhoswe, ali ndi amuna anzake pabwalo. Uko mkangano ukabuka palibe malume wa pafupi, pali makoma anayi ndi anthu awiri otopa. Ndinaona mabanja amene anagwirizana za ndalama, za kuphika ndi za kutumiza kumudzi asananyamuke akuyenda bwino. Ndipo ankhoswe angathe kugwira ntchito yawo pa foni ngati banja lawalola msanga, zinthu zisanafike poitana apolisi, chifukwa kumeneko nkhanza za m'banja sazitenga ngati nkhani ya m'nyumba.

Ife otsala kuno tili ndi mbali yathu. Timasintha mapaundi kukhala makwacha m'mutu n'kuona ngati mwana wathu walemera, osachotsera lendi, msonkho wa khonsolo, gasi, basi ndi wolera ana. Chaka choyamba ndi chomanga maziko. Mabanki a kumeneko amakhulupirira munthu potengera mbiri ya kalipiridwe kake, ndipo wobwera kumene alibe mbiri iliyonse. Amaimanga polipira mabilu pa nthawi yake ndi polembetsa m'kaundula wa ovota, zimene nzika ya Zambia yokhala kumeneko mwalamulo imaloledwa popeza dziko lathu lili mu Commonwealth. Tikamupanikiza ndi mafoni a fetereza, fizi ndi malata m'miyezi imeneyi, amakatenga ngongole za chiwongoladzanja chokwera zimene sizisiyana ndi kaloba, kapena amagwira ntchito masiku onse osapuma mpaka kudwala. Ena amangosiya kuyankha foni. Agogo athu anapita ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya Kopala, ndipo amene sanabwerere tinkawatcha matchona. Ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo anatchona chifukwa cha manyazi obwera chimanjamanja, ndipo sindifuna kuti tikankhire ana athu njira yomweyo. Chibwenzi ndi dziko lawo sichiyenera kuduka, makamaka popeza kuyambira mu 2016 malamulo a Zambia amalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri.

Anthu athu akhazikitsa kumeneko zina mwa zimene anasiya kuno. Pali magulu a WhatsApp a anthu a ku Zambia m'mizinda yambiri, pali chilimba, pali mipingo imene imabwereka maholo Lamlungu masana. Magulu a maliro ndi ofunika kulowamo msanga, chifukwa kubweretsa mtembo kuno kumadya mapaundi masauzande angapo, ndipo maliro a kumeneko amatha masabata asanaikidwe. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a ku Asia. Wopita kukacheza angatenge kapenta kapena nsomba zouma, koma nyama ndi za mkaka zochokera kuno siziloledwa kulowa. Komabe ndingalangize kuti munthu asathere m'gulu la anthu a kwawo lokha. Anzanu a ku Zambia angakhale ola lathunthu pa galimoto, pomwe paipi ikaphulika usiku kapena mwana akadzitsekera panja, wothandiza ndi wa kuseri kwa khoma.

Malo amene ndinaona anthu obwera ndi eni dziko akucheza momasuka kwambiri ndi m'timinda ta khonsolo totchedwa allotment. Khonsolo imabwereketsa kadimba kakang'ono pa mtengo wotsika pa chaka, ndipo m'madera ambiri umalembetsa n'kudikira nthawi yaitali, choncho ndi bwino kulembetsa ukangofika. Mpongozi wanga anapeza kake patatha zaka ziwiri. Amadzala chisanu chikatha, cha mu Meyi, ndipo amalima repu, maungu ndi chimanga pang'ono. Mdala wa kadimba koyandikana, amene wakhala akulima mbatatesi ndi anyezi pamenepo kuyambira kalekale, anadabwa kuona akuthyola masamba a maungu n'kumawasadzula. Mwana wanga anamuphikira chiwawa chotendera n'kumupatsa m'kambale. Pa foni ya Lamlungu lapitali anandiuza kuti mdalayo wapempha kuti ndikadzapitanso ndikamuonetse kasinjidwe ka nsinjiro, ndipo wawasungira manyowa a chaka chino.